Dunduzu Kaluli Chisiza, Phungu wa Karonga

Pamene akonzi a magazini ino anapempha kuti ena a ife tilembe mbiri za anthu omveka a dziko lino, ine ndinasankha Bambo Dunduzu Kaluli Chisiza. Iwo anakhala phungu wa m'Nyumba ya Malamulo chaka chimodzi chokha ndi masabata owerengeka, namwalira ali ndi zaka 32, mbendera ya Malawi isanakwezedwe. Kapena wina adzafunsa kuti munthu angachitenji m'chaka chimodzi. Ine ndiyesa kuti a Chisiza anachita chinthu chimene anzao ambiri analibe nacho nthawi. Pamene onse anali kufunsa tsiku limene Azungu adzachoka, iwo anali kufunsanso chimene tidzadya Azunguwo atachoka, ndi umo atsogoleri athu adzatilamulira.

Anabadwa pa 8 August 1930 ku Florence Bay, m'mbali mwa nyanja, cha kumene lero timati ku Chitimba, dera limene masiku amenewo linali pansi pa boma la Karonga. Atate ao, a Kaluli Chisiza, anali nyakwawa ndiponso mlimi. Kumeneko phiri ndi nyanja zayandikana ndithu. Munthu akaima pamchenga nakweza maso, aona chitunda chachikulu chimene pamwamba pache pali mishoni ya Livingstonia, ndi mseu wokhotakhota wa Gorodi wokwera kumeneko. M'kati mwa mapiri omwewo muli malasha.

Pano ndiyambe ndaima pang'ono, pakuti ife a kuno ku Manje timasokoneza mau awiri. Makala ndi aja amabwera panjinga m'matumba mbandakucha, amene amai athu amaphikira pambaula. Amenewo ndi mitengo yootcha. Malasha ndi mwala wakuda wokumba pansi, umene unapangika kuchokera ku zomera zimene zinakwiririka kalekale anthu asanakhaleko, ndipo moto wache ndi waukali wokhoza kuyendetsa sitima ya pamtunda ndi makina a m'fakitale. Boma la Azungu linadziwa za malasha a kumpoto a Chisiza asanabadwe, koma silinatsegule mgodi. Chifukwa chache chinali mtunda. Njanji inathera pa Salima m'chaka cha 1935, ndipo miseu ya kumpoto inali yosauka, makamaka nthawi ya dzinja. Kotero malasha amene sitima za Nyasaland zinali kutentha anali ogula kunja, ndipo a kwathu anagona pansi osakhudzidwa.

Tsono popeza kumudzi kunalibe nchito ya ndalama, koma msonkho unali kufunika chaka ndi chaka, chigawo cha kumpoto chinatumiza kunja amuna ache. Ena anapita ku migodi ya golide ku Lupa m'dziko la Tanganyika, ena ku migodi ya mkuwa ku Northern Rhodesia, ena ku Joni, ndipo ena ku Wankie ku Southern Rhodesia, kumene nchito yache inali yokumba malasha. Taganizani, anzanga, munthu kusiya malasha kunsi kwa munda wache, nayenda ulendo wa masabata kukakumba malasha a eni! Ambiri sanabwerenso, ndiwo aja timati machona. Mwana wokulira m'mudzi wotere safuna buku kuti adziwe umphawi wa dziko lache, ndipo ine ndikhulupirira kuti chikondi cha a Chisiza pa maphunziro a zachuma chinayambira pamenepa.

Iwonso anatsata njira yomweyo ya ulendo. Ataphunzira ku Livingstonia anachoka m'chaka cha 1949, napita ku Dar es Salaam kumene anagwira ukalaliki m'ofesi ya polisi. Sanakhalitseko. Anapitirira ku Uganda, nalowa sukulu ya Aggrey Memorial, nadzilipirira ndi tinchito ta apo ndi apo. Ali kumeneko analowa chipembedzo cha Baha'i, ndipo m'chaka cha 1953 anali mmodzi wa anthu oyamba kupita nacho ku Ruanda-Urundi. Chaka chomwecho ndicho chimene Angerezi anamanga Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anthu akuda a dziko lino akukana.

Ndale zao zenizeni zinayambira ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Anapeza nchito ku ofesi ya kazembe wa dziko la India, ndipo madzulo anali kukomana ndi anyamata a m'malokeshoni. Mu August 1955 iwo pamodzi ndi James Chikerema, George Nyandoro ndi Edson Sithole anayambitsa bungwe la City Youth League. Atsogoleri akale a kumeneko anazolowera kulemba makalata aulemu opempha Boma kuti liwaganizire. Anyamatawa anapita kwa anthu wamba, nalankhula nao za mtengo wa basi, za nyumba ndi za minda. Boma la Southern Rhodesia linaona msanga kuti mlendo wa ku Nyasaland uja ndiye mutu wa zinthu, ndipo m'chaka cha 1956 linawapitikitsa. Bungwe lija silinafe iai. M'chaka cha 1957 linaphatikana ndi la ku Bulawayo, nakhala Kongresi imene Joshua Nkomo anaitsogolera. Motero a ku Zimbabwe akamawerenga anthu amene anayala maziko a ufulu wao, dzina la mwana wa ku Karonga limakhalapo.

M'chaka cha 1957 anapeza mwai wopita ku Fircroft College mumzinda wa Birmingham ku England, kukaphunzira zachuma ndi za kayendetsedwe ka maiko. Maphunzirowo sanawatsirize. Pa 6 July 1958 Dr. H. Kamuzu Banda anatsika ndege pa Chileka, ndipo pa msonkhano wa ku Nkhata Bay mu August chaka chomwecho anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Nyasaland African Congress. Posankha owathandiza, anapatsa a Henry Masauko Chipembere usungichuma, a Kanyama Chiume nchito yofalitsa nkhani, ndi a Chisiza udindo wa Mlembi Wamkulu. A Chipembere anali munthu wa pansanja, wodziwa kuutsa mitima ya khamu. Mphatso ya a Chisiza inali ya m'ofesi: kutsegula nthambi, kulemba maina, kugulitsa makadi, kuyankha makalata, ndi kuona kuti mau ochokera ku Blantyre afika ku mudzi wakutali. Nchito yotere ilibe nthungululu, koma popanda iyo chipani chingokhala phokoso.

M'miyezi yowerengeka nthambi za Kongresi zinachuluka m'dziko lonse, ndipo Boma linayamba kuda nkhawa. Mu January 1959 atsogoleri anachita msonkhano m'tchire kufupi ndi Blantyre, Dr. Banda palibe, ndipo azondi anauza Boma kuti kumeneko anapangana zopha Bwanamkubwa ndi Azungu ena. Mu February kumpoto kunabuka chipolowe, ku Karonga ndi pa bwalo la ndege la Fort Hill, kumene tsopano ndi Chitipa. Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analamula kuti atsogoleri onse a Kongresi agwidwe m'bandakucha. Anthu oposa 1,000 anamangidwa, ndipo oposa 50 anaphedwa, ambiri a iwo pa doko la Nkhata Bay. Omangidwa ochuluka anawatsekera ku Kanjedza, pafupi pomwepa ku Limbe, malo amene ena a ife timadutsa popita kumsika osadziwa zimene zinachitika pamenepo. Koma anthu anai amene Boma linawaopa koposa linawatumiza ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia: Dr. Banda, a Chipembere, a Dunduzu Chisiza ndi mkulu wao a Yatuta Chisiza. Pambuyo pache woweruza wa ku England, Sir Patrick Devlin, anafufuza nkhani yonse, napeza kuti Kongresi inalolera zachiwawa, koma chiwembu chopha Azungu chija panalibe umboni wache.

Ndende imene inayenera kuwathyola inawapatsa nthawi yowerenga. Ku Gwelo a Chisiza anapitiriza maphunziro a zachuma amene anawasiya ku Birmingham, nayamba kulemba maganizo ao pa za maiko a mu Africa amene anali pafupi kudzilamulira. Ali m'ndende, a Orton Chirwa ndi anzao anayambitsa Malawi Congress Party mu September 1959. Dr. Banda anamasulidwa pa 1 April 1960, koma a Chisiza awiri aja ndi a Chipembere anatsalira kufikira September, pakuti Boma linawayesa oopsa. Atatuluka anawatengera ku msonkhano waukulu wa chipani ku Kota Kota, kumene tsopano timalemba Nkhotakota, ndipo a Dunduzu anabwerera pa mpando wao wa Mlembi Wamkulu. Pa msonkhano womwewo Dr. Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipani wa moyo wao wonse.

Chisankho chinachitika pa 15 August 1961. Mipando yopikisanirana inali 28, yogawidwa pawiri: 20 ya kaundula wapansi, m'mene munali anthu akuda ambiri, ndi 8 ya kaundula wapamwamba, wa anthu a chuma ndi maphunziro ochuluka. Malawi Congress Party inatenga mipando yonse 20 yapansi ndi iwiri yapamwamba. A Chisiza anapambana ku Karonga, nalowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba ali ndi zaka 31. Unduna wa zachuma unakhalabe m'manja mwa Mzungu wa Boma, Bambo Henry Phillips, ndipo a Chisiza anaikidwa kukhala wachiwiri wao, kuti aphunzire nchitoyo ndi kudzailandira ufulu ukadza. Azungu amene dzana anawatcha munthu woopsa anadabwa kupeza mnyamata wofatsa pa mapepala, wofunsa mafunso olunjika, wosachita manyazi kuphunzira. Iwo ndi a Phillips anamvana bwino lomwe, nagwirira pamodzi nchito yokonza chikonzero cha chitukuko cha zaka za 1962 kufikira 1965.

Mabuku a Boma amene anawatsegula sanali okondweretsa. Dziko linali kudalira fodya, tiyi, thonje ndi mtedza, ndiponso ndalama zimene amuna a kumigodi anali kutumiza kwao. Sukulu za sekondale zinali zowerengeka pa zala, ndipo anthu akuda ophunzira ku yunivesite anali ochepa zedi. Ndalama za msonkho sizinali kukwanira kuyendetsa Boma, ndipo mbali ina inali kuchokera ku Chitaganya chomwecho chimene anthu anali kufuna kutulukamo. Apa ndipo panagona mfundo yobvuta: kutuluka m'Chitaganya kunali koyenera, koma kunali ndi mtengo wache, ndipo wina anayenera kukhala pansi kuwerengera mtengowo.

Nkhani imene inaonetsa poyera kubvuta kwache ndiyo ya mathithi a Nkula pa mtsinje wa Shire. Masiku amenewo magetsi a Blantyre ndi Limbe anali ochepa ndi odula, pakuti makina ache anali kutentha malasha ndi mafuta ochokera kunja. A Chisiza anaona kuti popanda magetsi otsika mtengo sipadzakhala mafakitale, ndipo popanda mafakitale anyamata adzapitirira kuthawira ku migodi ya eni. Kotero anafunitsitsa kuti nchito yomanga makina a magetsi pa Nkula iyambe msanga, ndipo iwo ndi a Phillips anayesetsa kupeza ngongole yache. Koma za magetsi zinali m'manja mwa Boma la Chitaganya, ndipo ndalamazo zinayenera kudzera kumeneko. Dr. Banda anakana kwa mtu wa galu. Kwa iwo kulandira kanthu kodzera ku Salisbury kunali ngati kubvomera Chitaganya, ndipo Sir Roy Welensky akadapeza ponenera kuti Nyasaland sangathe kuima payekha. A Chisiza anakhumudwa kwambiri.

Ndani analondola? Ine ndaganizira nkhaniyi nthawi yaitali, ndipo ndiona kuti pa ndale Dr. Banda anali ndi mfundo, pakuti Chitaganya chinathadi pa 31 December 1963, ndipo magetsi a Nkula anayaka m'chaka cha 1966 dziko lili pa ufulu. Koma chimene chinawawa a Chisiza sichinali kuchedwa kwa magetsi kokha. Anaona kuti nkhani yaikulu yotere, imene anthu anaigwirira nchito miyezi, ingathe kugwa ndi mau a munthu mmodzi, popanda kukambirana. Ndipo tisawayeretse kopitirira. Iwo omwe anali mmodzi wa anyamata amene anakweza Dr. Banda pamwamba pa onse, poganiza kuti anthu a m'midzi adzatsata bwino munthu wachikulire mmodzi koposa gulu la anyamata. Analinso Mlembi Wamkulu wa chipani pa nthawi imene otsutsana nacho anali kuopsezedwa, ena mpaka kutenthedwa nyumba. Mphika umene unayamba kuwaotcha anauteleka nao okha.

Komabe anachita chimene ena sanachite: analemba chenjezo, nalisindikiza dzina lao lili pamwamba. M'chaka cha 1961 munatuluka timabuku tao tiwiri, Realities of African Independence ndi Africa: What Lies Ahead. M'menemo anafotokoza kuti ufulu sudzasandutsa osauka kukhala olemera tsiku limodzi, ndi kuti atsogoleri amene alonjeza zambiri adzakolola mkwiyo. Ananena za ulesi, za kukondera abale pa nchito, ndi za atsogoleri okonda moyo wa mataya pamene anthu ao ali ndi usiwa. Anabvomera kuti dziko latsopano lifuna Boma lamphamvu, koma anasiyanitsa mphamvu ndi nkhanza, nachenjeza kuti anthu amene aleka kufunsa mtsogoleri wao chifukwa chomkhulupirira kopambana ndiwo amadzisulira okha wolamulira wankhanza. Sanatchule dzina la munthu, koma owerenga a ku Zomba ndi ku Blantyre sanali ana.

Mu July 1962 anachita nchito imene inamveketsa dzina lao kunja. Anaitanira ku Blantyre akatswiri a zachuma ochokera ku maiko ambiri, mmodzi wa iwo Nicholas Kaldor wa ku Cambridge, kuti adzakambirane umo maiko osauka a mu Africa angatukukire. Taonani, dziko laling'ono losadzilamulira n'komwe, loitana aphunzitsi akulu a m'mayunivesite, ndipo woitanayo munthu wosatsiriza maphunziro ache! Iwo omwe anawerenga pepala lao pa msonkhanopo, ndipo alendo anatuluka akuwatama. Pepalalo linasindikizidwa m'chaka cha 1963 m'kope loyamba la Journal of Modern African Studies, ndipo zokambidwa pa msonkhano wonse zinatuluka m'buku m'chaka cha 1965. Mwini wache sanaone ndi limodzi lomwe.

Kumayambiriro kwa September 1962, usiku, a Chisiza anali pa ulendo wa pagalimoto pa mseu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba. Galimoto yao inapezeka itagwera mumtsinje pambali pa mlatho wa Thondwe, iwo atafa. Bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti inali ngozi, ndi kuti anafa chifukwa chosweka chigaza. Anthu ambiri sanakhutire. Ena analoza chala Boma la Chitaganya, ena ananong'ona za a m'chipani momwemo, ndipo manong'onong'owo anakula zaka za m'tsogolo pamene anthu ena omveka anafanso imfa zotchedwa ngozi za pamseu. Wolemba mbiri wina, Joey Power, anasanthula nkhaniyi m'chaka cha 1998, naonetsa umo mbadwo uliwonse unaikambira monga mwa mantha a nthawi yache. Umboni wogwirika wakuti anaphedwa sunatulukepo, ndipo ine sindifuna kuika mlandu wa magazi pa munthu popanda umboni.

Mpando wao ku unduna wa zachuma unapatsidwa kwa Bambo John Tembo, amene anadzakhala nduna ya zachuma m'chaka cha 1964. Ufulu unadza pa 6 July 1964, ndipo isanathe miyezi itatu nduna zinagawikana ndi Dr. Banda. A Chiume, a Chirwa ndi a Augustine Bwanausi anachotsedwa. A Chipembere, a Willie Chokani ndi a Yatuta Chisiza anatula pansi maudindo ao. Madandaulo ao akulu anali omwe aja a pa Nkula, akuti zinthu zonse zinali kugamulidwa ndi munthu mmodzi. M'chaka cha 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo m'chaka cha 1971 Dr. Banda anakhala Pulezidenti wa moyo wao wonse. A Yatuta, amene anathawira ku Tanzania, analowanso m'dziko ndi kagulu ka anthu a mfuti mu October 1967, naphedwa pomenyana ndi asilikali cha ku Mwanza. Kuyambira pamenepo dzina la Chisiza linakhala lotchula mochenjera kwa zaka zambiri. Pali anthu amene amati a Dunduzu akadakhala ndi moyo, mkangano wa 1964 ukadatha mwa mtendere, popeza iwo anali odziwa kudekha ndi kuyanjanitsa. Ine ndikaika. Anzao onse a ku Gwelo ndi a ku Nkhata Bay anathera kuthengo, kundende kapena kumanda, ndipo sindiona chifukwa chimene munthu wolemba zotere akadapulumukira.

Malasha a kwao aja anadikira kufikira zaka za m'ma 1980, pamene migodi ya Kaziwiziwi ndi Mchenga inatsegulidwa m'boma la Rumphi, kufupi ndi kumene iwo anabadwira. Njanji sinafikeko, kotero malashawo anayamba kutsika pa malole, ulendo wautali wodza ku mafakitale a kuno kummwera.

Pomwalira, a Chisiza anasiya akazi ao ali ndi pathupi. Mwanayo anabadwa mu March 1963, napatsidwa dzina la atate ache, ndiye Du Chisiza Junior. Anaphunzira ku H.H.I. kuno ku Blantyre, nayamba kumveka pa mipikisano ya zisudzo ya sukulu za sekondale, ndipo pambuyo pache anayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, limene linayenda m'dziko lonse ndi masewero ache. M'chaka cha 1993, masiku otsiriza a ulamuliro wa chipani chimodzi, Dr. Banda anamuika kukhala nduna. Anamwalira mu February 1999 ali ndi zaka 35, kuposa atate ache ndi zaka zitatu zokha.